A Jailosi Atagoneka Makasu

A Jailosi anali msuweni wanga, mwana wa malume anga, choncho ndili ndi ufulu wowanena mmene ndingafunire, ndipo ngakhale lero ali kumanda sangandiimbe mlandu. Anali munthu wamfupi, wamatewe, koma wa mawu aakulu osayenerana ndi thupi lawo. Akamanong'ona kuseri kwa nkhokwe, a kutsidya kwa dambo ankamva. Ine ndinkawauza kuti Mulungu anawaumba aafupi dala kuti asamavutike kuwerama m'dzenje. Iwo ankati, "Seka lero, Dorika, koma wokukumbira ndine. Ndidzakuchepetsera kumiyendo kuti ugone chopinda."

M'mudzi mwathu, kumadzulo kwa Namitete, iwo ndiwo anali mkulu wa adzukulu, anthu aja amasambitsa maliro, kukumba manda ndi kunyamula chitanda. Ntchitoyi anailowa ndevu zisanamere. Ankalima fodya wa chikopa ngati wina aliyense, koma ulimiwo unali wongoti anthu aone, mtima wawo unali kumanda. Ankadziwa amene anagona pansi pa mtengo uliwonse, ngakhale pamene mtumbira unafafanizika kalekale. Manda okhota ankawakwiyitsa kuposa mbuzi yolowa m'munda. Ndipo anali munthu wosunga mangawa. Ukawalakwira ankaseka nawe, kudya nawe, koma mlandu uli chikhalire m'mimba.

Mkazi wawo, Tabita, sanali wa kuno. Anabwera ali mtsikana pamodzi ndi amayi ake kuchokera kwa Apwitikizi, atadutsa m'nkhalango ya Dzalanyama mapazi atatupa. Bambo ake analephera kukwanitsa thonje limene boma la kumeneko linkakakamiza anthu kulima, ndiye asilikali anawamenya ana akuona, n'kuwatenga atawamanga. Sanaonekenso. A Jailosi anamukwatira Tabita n'kumutenga chitengwa, poti analibe mudzi woti mwamuna n'kukakhalako. Ambiri tinamulandira. Ena ankamutchabe wobwera ngakhale atabereka kale ana pakati pathu, ndipo woyambitsa nyimbo imeneyi anali Bizwell.

Bizwell ameneyu sindimupatsa ulemu, mundikhululukire. Anali kapitawo pa esiteti ya fodya ya mzungu wina pafupi ndi kwathu. Ndiye ankalemba ndi kuchotsa anthu ntchito, choncho theka la mudzi linkamuvulira chipewa. Ankayenda ndi kabudula wakhaki wosita ndi ndodo yopanda ntchito, ndipo chilichonse chimene bwana wake walavula iye ankatola n'kubwera nacho kumudzi ngati nzeru zake. Pa mowa ankakonda kunena kuti munthu wabwino sathawa kwawo, akunena choncho maso ali kunyumba kwa Tabita.

Pa esiteti yomweyo panali mzungu wina, a Hayimu. Anali Myuda, mmodzi mwa othawa kwawo amene boma linawabweretsa kuno pa nthawi ya nkhondo ya Ajeremani. Nkhondo itatha anzawo anabalalika, iwo n'kutsala akukonza malole ndi injini ya chigayo. Mzungu wotero tinali tisanamuonepo. Azungu anzawo sankawaitana ku mowa wawo. Ankagona m'kanyumba ka kuseri kwa galaja, nsapato ankasoka okha, ndipo chinenero chathu ankachiyankhula chokhotakhota koma osachita manyazi. Ubwenzi wawo ndi a Jailosi unayambira pa makasu. A Hayimu ankawanolera pa mwala wa injini, a Jailosi n'kumabweza ndi mbatata kapena mtedza.

Tsiku lina m'chaka cha 1952, anthu atakolola, a Jailosi anapita kugalajako ndi makasu awo n'kupeza kandulo ikuyaka m'kachitini dzuwa likuswa mtengo. Anafunsa ngati mzunguyo wayamba misala. A Hayimu anawauza kuti kwawo amayatsa nyali kamodzi pachaka pokumbukira akufa, ndipo imeneyi inali ya amayi awo, mkazi wawo ndi ana awo awiri aakazi. Iwo anatsogola kuthawa kuti akapeza malo aitanitse banja. Nkhondo inatseka njira.

"Pepani," anatero a Jailosi. Kenako anafunsa funso la ntchito yawo. "Nanga anaikidwa kuti? Anawakumbira ndani?"

"Alibe manda," anatero a Hayimu. "Anawakweza m'sitima ngati ng'ombe, pamodzi ndi anthu a mtundu wathu osawerengeka. Anawatsekera m'nyumba n'kuwapha ndi mpweya wapoizoni. Kenako anawatentha."

"Analakwa chiyani?"

"Anabadwa Ayuda."

A Jailosi anabwerera kumudzi makasu ataiwala konko. Ine ndinali pakhonde ndi Tabita tikuswa mtedza, ndipo tinawamva asanatulukire. "Ngakhale mfiti timaiika! Galu wakufa timamukwirira! Ana aang'ono, Dorika, kuwatentha ngati zinyalala! Anthu amene anachita zimenezo akanakhala pafupi ndikanawakumbira ali amoyo."

Tabita sanadzutse mutu. Anangoti, "Nanga abambo anga manda awo ali kuti?"

Zaka zonsezo a Jailosi anali akugona pa mphasa imodzi ndi mkaziyo, funso limeneli osawadzerapo.

Kwathu munthu akafera kutali, monga aja ankakwiririka m'migodi ya ku Joni kapena kutengedwa ndi madzi, sitinkangokhala. Tinkadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu ndi mphasa, n'kuliika m'manda ngati mwini wakeyo, kuti mzimu upeze pogona ndipo ofedwa alire n'kumeta. A Jailosi anapita kwa akuluakulu a mudzi kukapempha malo a manda asanu, anayi a banja la a Hayimu ndi amodzi a bambo ake a Tabita.

Bizwell anaimirira asanapatsidwe mpata. "Manda athu si dzala lotayirako za obwera," anatero. "Ayuda ndiwo anapha Yesu, abwana anandiuza. Zimene anaonazo ndi malipiro awo. Akanakhala anthu abwino, kwawoko akanawathamangitsa?"

"A kapitawo," anatero a Jailosi, "kodi amayi ake a Yesuyo anali a kwa Kalolo kuno? Nanga tiana tiwiri tinatenthedwato tinalipo pomupachikapo?"

Anthu anaseka, ndipo Bizwell sankakhululuka akasekedwa. Akuluakulu, poopa kukhumudwitsa uyu kapena uyu, anagamula zapakatikati. M'mitengo ya manda anakana, koma analoleza kunja kwake, pa kamtunda ka m'mphepete mwa dambo pamene panalibe wolimapo.

A Hayimu poyamba anakayika, poti mwambowu kwawo kulibe. Koma tsikulo anabwera atavala jekete lakuda. Chipewa sanavule, anthu n'kuyamba kung'ung'udza, mpaka a Jailosi anafotokoza kuti kwa Ayuda ulemu ndi kuphimba mutu. Manda anakumbidwa oongoka bwino, atatu aatali, awiri aafupi. Ife amayi tinalira maliro enieni. Anthuwo sitinkawadziwa, koma ukanaona timphasa tiwiri tija tikutsitsidwa ukanatani? Amayi ake a Bizwell omwe, a Ezeliya, analira nafe, ndipo ndiwo anamugwirira Tabita pamene ankalira. A Hayimu anang'amba kolala ya malaya awo, anapemphera m'chinenero chawo akugwedezeka, n'kuika kamwala pa mtumbira uliwonse. M'mawa mwake Tabita anameta. A Jailosi anapita ndi lumo kugalaja koma anabwezedwa, poti Ayuda akafedwa sameta, amasiya ndevu. Anabwerako akupukusa mutu, amvekere anthu amenewa chilichonse n'chozondoka.

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana a Hayimu ankabwera panjinga n'kukhala pa kamtundapo. Tabita ankasesapo. Mzunguyo anayamba kunenepa, ndipo kugalaja kunayamba kumveka likhweru.

Chaka chotsatira, chija azungu anatikakamiza chitaganya, nthawi yokonza nazale inakwana. Amene simunalimepo fodya mudziwe kuti nazale imakhala pafupi ndi madzi. Umasalaza dothi, kuunjikapo mapesi ndi nthambi, n'kutentha kuti njere za udzu ndi tizilombo zife, kenako n'kufesa. Bizwell anali ndi dimba la amayi ake, lalikulu loti ng'ombe n'kusocheramo. Koma anasankha kamtunda kaja. Anatenga antchito a ku esiteti, anthu akutali osadziwa kanthu, anasalaza mitumbira yonse isanu, timiyala n'kuponya m'dambo, n'kuunjika mapesi ofika m'chiuno. Munthu wodandaulira Yesu uja anachita zimenezi Lamlungu, ndipo moto anadikira masana.

Ine ndinali pachitsime, ndinaona ndi maso angawa. A Hayimu anatulukira moto uli lawilawi. Anatsika, njinga n'kuisiya igwe yokha. Anayang'ana utsi ukukwera. Sanakuwe, sanatukwane. Anakhala pansi m'fumbi n'kunena kuti, "Awatenthanso."

Bizwell anali chiimire poteropo atatsamira ndodo yake. "Musadandaule, bwana," anatero akumwetulira. "Ndi nthochi chabe. Zavunda bwino, fodya adzakondwa."

Ndikanakhala mwamuna ndikanamuponya m'motomo. Ndinathamangira kumudzi, ndipo a Jailosi atamva anatola nkhwangwa. Tabita anaima pakhomo manja atatambasula. "Mukamupha akakupachikani ku Zomba," anatero. "Ndiye ine ndidzadulenso nthochi ina?" A Jailosi anatema mzati wa khonde lawo lomwe mpaka denga linapendekeka.

Mlandu unapita kwa akuluakulu. Anakanda m'mutu, anatsokomola, anakumbukira kuti ana awo akudya kudzera m'manja mwa kapitawo, n'kugamula kuti nthochi si munthu. Anthu omwe aja analira nafe! Ndinachita manyazi ndi mudzi wanga. A Jailosi sanakuwe monga tinkayembekezera. Anayankhula motsitsa, ndipo m'pamene ndinachita mantha.

"Chabwino," anatero. "Mlandu suola. A kapitawo, khomo lanu silinatsekedwe ndi chitsulo. Tsiku lina padzamveka kulira, ndipo mudzandifuna."

Anadikira zaka ziwiri. M'mawa uliwonse popita kumunda ankapatukira dala pakhomo pa Bizwell, kuvula chipewa, n'kufunsa mwaulemu wonse. "Mwadzuka bwanji, a kapitawo? Kunyumbaku onse ali bwino? Palibe akutsokomola?" Bizwell anayamba kumadzuka m'mamawa kuti asapezedwe, a Jailosi n'kuyamba kulawirira kuposa iye. Adzukulu anzawo anawayendera mmodzimmodzi, kuphatikizapo mwamuna wanga Amon, ndipo anaoloka dambo kukayankhula ndi a midzi yoyandikana nayo. Maliro a anthu ena ankakumba mwachangu, mvula kapena dzuwa, kuti pasadzakhale wowanena kuti ndi aulesi.

Nthawi yonseyi Bizwell ankabwereza nazale pamalo omwewo, ngakhale mlimi aliyense amadziwa kuti nazale imasinthidwa. Chaka chilichonse utsi unkakwera pa kamtunda kaja. A Hayimu anasiya kubwera. Anaonda mpaka lamba anabooledwa kawiri, ndipo makasu ankanola osayankhula. Tabita anasiya kutunga pachitsime cha kumeneko, ankalolera kuzungulira kutali. Ine ndinkati ndikaona kabudula wakhaki uja ndinkalavula pansi.

Mu Novembala wa 1955, mvula isanagwe, dzuwa likuotcha ngati mbaula, a Ezeliya anatisiya. Ndinene zoona, tonse tinkalakalaka atagwa Bizwell mwini wake. Koma imfa sifunsa, inatenga gogo wosalakwa, amene ankapatsa Tabita mbewu ya mtedza mwana wake asakuona.

Zakumanda ndinazimva kwa Amon, poti amayi sitipitako pokumba. M'mawa adzukulu anapita onse, palibe anatsala. Atafika anagoneka makasu pansi mondondozana, n'kukhala pamthunzi kumanunkha fodya. Dzuwa litakwera Bizwell anabwera kudzaona pamene ntchito yafika.

"A Jailosi, bwanji kodi?"

"Makasu atopa, a kapitawo. Agona."

"Ndipereka mbuzi."

"Mbuzi sikumba."

"Ndikakunenezani kuboma ku Lilongwe."

"Pitani, mukabwere nalo bomalo likumbe." A Jailosi anafenthera fodya m'mphuno, anayetsemula, n'kupitiriza. "Komatu inu njira yachidule mukuidziwa. Mapesi alipo ambiri chaka chino."

Amon akuti ngakhale adzukulu omwe anazyolika. Bizwell anatumiza uthenga kumidzi ya kutsidya, ndipo konse yankho linali limodzi, lakuti maliro n'kulirana. Anathamangira ku esiteti kukatenga antchito ake aja, koma atamva kuti ndi manda enieni a eni mudzi palibe analola kuponda m'mitengomo. Akuluakulu anabwera kudzapepesa. A Jailosi anawafunsa ngati lero akudziwa kusiyana kwa nthochi ndi munthu, iwo n'kubwerera.

Tsiku linapita. M'mawa mwake ife amayi tinali tidakali m'nyumba ya siwa, momwe mtembo unagona, ndipo kutentha kuja kunali kutayamba ntchito yake. Nyimbo zinkathera m'zitenje zimene tinatseka nazo pamphuno. Ntchentche zinadzaza pakhomo. A Ezeliya ndinawamvera chisoni mpaka ndinalira, koma mwana wawo ayi. Ndinkafuna alawe. Ndinkafuna adziwe mmene zimapwetekera mayi ako akasowa pogona.

Kwathu munthu sakumbira mayi ake. N'zochititsa manyazi ndipo n'zoopsa. Koma Bizwell analibenso kolowera. Anavula malaya akhaki aja, anatola khasu, n'kuyamba kutema dothi louma ngati njerwa. Manja ozolowera ndodo anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Dzuwa likufika paliwombo dzenje linali lisanapitirire m'mawondo. A Jailosi anali khale pa muzu wa mtengo, akuonerera ngati ali ku gule. "Akhota kumutu uko," ankatero. "Amayi anu agona chammbali."

Pamenepo m'pamene kunamveka njinga. Anali a Hayimu, atamangirira piki ya kugalaja kumbuyo. Nkhani inali itawapeza kudzera mwa antchito aja. Sanapereke moni kwa aliyense. Anavula jekete, anatsikira m'dzenje, anamukankhira Bizwell pambali, n'kuyamba kukumba.

A Jailosi analumpha. "A Hayimu, mukutani? Tulukani mmenemo! Zaka ziwiri ndadikira! Zonsezi ndachitira inu ndi Tabita!"

"Ndikudziwa," anatero a Hayimu osasiya kukumba. "Musaganize kuti ndamukhululukira. Sindinamukhululukire, ndipo sindidzatero. Koma mayi uja analirira ana anga. Ine sindingathe kukhala m'dziko limene munthu akuola posowa manda. Zimenezo zinandikwana."

Amon akuti a Jailosi anagwetsa misozi yaukali. Anatukwana mzunguyo, anatukwana piki yake, anaponda chitete cha fodya mpaka kuphwanyika. Chakudya chimene anaphika zaka ziwiri chinali kulandidwa chili pakamwa. Anabwerera pa muzu paja n'kukhala atagwira mutu, akuyang'ana msana woonda uja ukukwera ndi kutsika. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwawo kuja komveka kutsidya, mpaka ife kusiwa tinadabwa kuti kumanda kwagwanji.

"Dzukani, tolani makasu!" anakuwa. "Mzunguyu walowa udzukulu!"

Bizwell yekha ndiye anamvetsa msanga, ndipo akuti nkhope inagwa. Wokumbira banja maliro amasanduka mdzukulu wa banjalo. Mdzukulu amanena chimene akufuna, amagwira nkhuku pakhomo, amatukwana ofedwa maso ndi maso, ndipo wofedwa sayankha. Manda sakwiriridwa mdzukulu ali ndi chakukhosi. A Hayimu sankadziwa zimenezi, ankangoti akuchita chifundo kwa gogo. Koma a Jailosi anali ataona kuti mpeni umene anausula wagwera m'manja oyenera.

Manda anatha mofulumira, ataongoledwa ndi a Jailosi eni ake. Dzuwa litapendeka tinanyamuka ndi chitanda, mudzi wonse ndi a kutsidya omwe, poti mbiri inali itawanda. A Ezeliya anatsitsidwa mwaulemu wonse, anagonekedwa m'kachipinda ka m'mbali mwa dzenje, n'kutsekeredwa ndi mitengo ndi mphasa. Gogoyo anali atapeza pogona. Kunatsala kukwirira. Adzukulu anabwerera m'mbuyo, a Jailosi n'kuima pa mulu wa dothi kuti aoneke.

"Ife adzukulu tili ndi chakukhosi," anatero. "Kunja uko kuli manda asanu amene anasowa. Tikufuna tiwaone tisanakwirire awa."

Palibe wamkulu amene anatsokomola. Tonse tinatuluka m'mitengo muja n'kupita pa kamtunda kaja, Bizwell ali patsogolo. Nazale inali itabiriwira, mbande zofika poti n'kuokera, ndipo kum'mawa mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kuda. Munthu wolima fodya akudziwa tanthauzo lake, mbande zikapita chaka chapita. Bizwell anayang'ana akuluakulu, iwo n'kuyang'ana kumbali. Anagwada n'kuyamba kuzula ndi manja a matuza aja. Anazula zonse. Kenako a Jailosi ankaloza ndi chala chakuphazi pamene panali mtumbira uliwonse, iye n'kumaunjika dothi, atatu aatali, awiri aafupi. Ukakhala wosalongosoka ankauphwasula ndi mwendo kuti ayambirenso. Mtima wanga unayera, sindibisa.

Atatha, a Jailosi anatembenukira kwa a Hayimu. "Mdzukulu watsopano, uyu ndi wanu. Mutukwaneni mmene mungathere, sayankha. Mukafuna mbuzi zake tengani. Mawu akakuperewerani ndikubwerekani anga."

Tinatchera makutu kuti timve mzungu akutukwana m'chinenero chathu. A Hayimu anayang'ana Bizwell, dothi la manda lili m'tsitsi ndi m'ndevu. Kenako anati, "Mbuzi sindikufuna. Iwe unati ndi nthochi chabe. Ndikufuna utchule maina awo." Anayang'ana kwa Tabita. "Yambani ndinu, mayi."

Tabita anapita kukaima pa mtumbira woyamba. Zaka zonsezi sanamuyankhepo Bizwell ngakhale kamodzi. "Awa ndi a Zuze, abambo anga," anatero. "Sanathawe kwawo. Tinathawa ndife, kuti tisafe ngati iwo. Tchula."

"A Zuze," anatero Bizwell chapansipansi.

"Mokweza, a kapitawo," anatero a Jailosi. "Akumbuyo sakumva."

"A Zuze!"

A Hayimu anasunthira pa mtumbira wachiwiri. "Zelida, amayi anga. Ankaphika buledi." Bizwell anatchula. "Rivika, mkazi wanga." Lilime linamukhota, ndipo anamubwerezetsa mpaka analitchula bwino. Anafika pa waufupi woyamba. "Hana. Pamene ndinkachoka n'kuti akuguluka mano akutsogolo." Bizwell anatchula, ndipo kumbuyo kwanga amayi anayamba kusisima.

Pa mtumbira womaliza a Hayimu anachedwa. Tabita anawayandikira n'kuima pambali pawo.

"Miriyamu," anatero potsiriza. "Anabadwa ine nditachoka kale. Dzina lokha ndilo linandipeza, nkhope sindinaione. Onse amene anamunyamulapo anaphedwa naye limodzi. Padziko lonse ndinatsala ndekha wodziwa kuti mwanayu analiko. Tsopano ukudziwa ndi iwe. Tchula."

Bizwell anali chigwadire m'matope a nazale yake. Anatchula dzinalo monong'ona.

"Sindinamve," anatero a Jailosi.

"Miriyamu."

"Sindinamve."

Anamutchulitsa mobwerezabwereza, ife tonse tili chilili, mpaka mawu anasasa ndipo dzinalo linayamba kumveka m'kamwa mwa amayi akumbuyo ndi ana amene anabwera kudzaonerera. A Hayimu anali atatsinzina, akumvetsera. A Jailosi sanafulumire. Anadikira mpaka mzunguyo anatsegula maso n'kugwedeza mutu, kenako anaitana adzukulu anzawo n'kupita kukakwirira a Ezeliya.